Funsani mbiri ya galimoto musanagule

Aliyense amene wayendako pa mseu wa M1 m'boma la Ntcheu adziwa kuti galimoto zambiri zimene zikunyamula anthu ndi katundu masiku ano ndi zija zidayamba zatumikira eni ake ena kutsidya kwa nyanja. Pa Lizulu, pa Mlangeni, pa mphambano ya ku Tsangano, pa Boma, pa Kampepuza mpaka pa Manjawira, zimene zimaima kudikira anthu ndi ma Sienta, ma Probox, ma Hiace ndi malole ang'onoang'ono amene ambiri a iwo adapitirira kale zaka khumi. Aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'Boma nawonso, akapeza ngongole kapena akalandira ndalama zao zopumira pa ntchito, galimoto imene amagula ndi ya mtundu womwewo. Nkhani ya kulimba kwa galimoto yakale, tsono, ndi nkhani ya tonse, chifukwa ngakhale amene alibe galimoto amakwera ya mnzake kapena kuyenda m'mphepete mwa mseu umene ikudutsamo.

Boma la Ntcheu liri ndi chifukwa chapadera choganizira bwino nkhaniyi. Kuchokera ku Dedza kukafika ku chigwa cha Balaka mseu umatsika mamita pafupifupi 1,000, ndipo gawo lalikulu la mtsetse umenewu liri m'boma lino. Misika yathu ikuluikulu idamera m'mbali mwenimweni mwa tala, kotero kuti wogulitsa mbatata ya kachewere, kabichi kapena tomato amakhala mapazi owerengeka chabe kuchokera pamene pakudutsa matayala. Sitidaiwale zimene zidachitika pa Kampepuza m'chaka cha 2019, pamene lole idalowa pakati pa anthu pa msika ndi kupha anthu oposa 15. Tsiku limenelo lidationetsa kuti galimoto imodzi ikakanika kuima pa malo otere, maliro amagwa m'midzi yambiri nthawi imodzi. Bungwe la World Health Organization lidanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pa mseu chaka chirichonse pa dziko lonse. Zifukwa za ngozi nzambiri, monga liwiro, kuledzera, kutopa ndi kupachira katundu mopyola muyezo. Koma mabuleki ofooka ndi matayala akutha ndizo zimene zimasandutsa cholakwa chaching'ono cha dalaivala kukhala tsoka lalikulu.

Tiyenera kuyamba tamvetsa kumene galimotozi zimachokera ndi chifukwa chake eni ake amazitaya zikadayenda. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe, la UNEP, lidatulutsa lipoti mu 2020 lonena kuti pakati pa 2015 ndi 2018 maiko a ku Ulaya, Japan ndi United States adatumiza kunja galimoto zazing'ono zogwirapo kale ntchito zokwana 14 miliyoni, ndipo Africa ndiye adalandira gawo lalikulu kuposa chigawo china chirichonse. Zathu zambiri zimachokera ku Japan, zina ku Britain, popeza maiko amenewa amayendetsa kumanzere monga ife. Zimatsikira pa madoko monga Dar es Salaam ndi Durban, nkulowa m'dziko muno pa Songwe, pa Dedza kapena pa Mwanza.

Ku Japan kuli lamulo loyeza galimoto lotchedwa shaken. Galimoto ya munthu wamba imayezedwa koyamba ikatha zaka 3, kenaka zaka ziwiri zirizonse. Kuyezako kumadza pamodzi ndi misonkho ndi inshulansi, ndipo kumadya ndalama zambiri, kotero kuti eni ake ambiri amaona kuti nkwabwino kugulitsa galimoto nthawi yoyeza ikayandikira kusiyana ndi kulipiranso. Apa pali phindu lathu ndiponso pali msampha. Phindu ndi lakuti galimoto zambiri zimachoka kumeneko zikadali zolimba. Msampha ndi wakuti zina zimagulitsidwa chifukwa mwini wake wadziwa kuti sizipambana mayeso popanda kukonza kodula, ndipo chilema chimene iye adachithawa chimakwera nayo sitima kubwera kwa ife. Kunja zonse zimawala chimodzimodzi. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chimasiyanitsa ziwirizi ndi mbiri yolembedwa. Galimoto ikamachoka ku Japan imakhala ndi chikalata choitulutsira kunja, ndipo pa chikalatacho pamalembedwa makilomita amene galimotoyo idali itayenda pa nthawi zomaliza zimene idayezedwa, pamodzi ndi masiku ake. Wogula wochenjera amayerekeza manambala amenewa ndi amene akuoneka pa wotchi ya makilomita. Mwachitsanzo, ngati chikalata chikunena kuti galimoto idali itayenda makilomita 95,000 pamene idayezedwa komaliza, koma lero wotchi ikuonetsa 60,000, palibenso chofunsa: wina adabweza wotchiyo m'mbuyo, ndipo munthu amene wanama pa chimodzi sangakhulupirike pa zotsalazo. Galimoto zimene zimadzera m'misika ya okushoni ku Japan zimakhalanso ndi pepala limene woyeza amalembapo giredi, monga 3.5, 4 kapena 4.5, ndipo chilembo cha R chimatanthauza kuti galimotoyo idakonzedwapo m'mafupa ake, kawirikawiri itachita ngozi. Pa pepala lomwelo pamakhala chithunzi cha galimoto chosonyeza pamene pali dzimbiri, pophwanyika ndi posinthidwa.

Ku Britain mbiriyi njoonekeratu koposa. Mayeso a kumeneko, otchedwa MOT, adayamba mu 1960, ndipo poyamba ankakhudza galimoto za zaka khumi kapena kuposa, poyang'ana mabuleki, nyali ndi chiwongolero basi. Pofika 1967 lamulo lidasintha kuti galimoto iziyamba kuyezedwa ikatha zaka 3, kenaka chaka chirichonse. Lero munthu aliyense, ngakhale ali ku Ntcheu, akhoza kulemba nambala ya galimoto ya ku Britain pa tsamba la Boma la kumeneko pa intaneti ndi kuona kwaulere zotsatira za mayeso ake kuyambira 2005: tsiku limene idayezedwa, makilomita ake, ngati idapambana kapena kulephera, chimene idalepherera, ndiponso machenjezo a woyeza pa zinthu zimene zidayamba kutha. Kuyambira 2018 zilema zimagawidwa m'magulu atatu, zoopsa, zazikulu ndi zazing'ono.

Kuwerenga mbiri yotere kumafuna nzeru pang'ono. Galimoto imene idalephera kamodzi chifukwa cha babu lakupsa kapena labala wopukutira galasi siyoopsa. Zimenezo nzokonza ndi ndalama zochepa. Yoopsa ndi imene chaka ndi chaka woyeza akulemba chenjezo lomwelomwelo, monga dzimbiri pa mapaipi a mabuleki kapena pa zitsulo zogwira masipuling'i, ndipo mwini wake osachitapo kanthu. Mbiri yoteroyo ikutiuza khalidwe la mwini galimoto, kuti adali munthu wodikira chinthu chithyoke asanakonze. Munthu wotero sasinthanso oilo pa nthawi yake, ndipo injini imene idazunzika chotero siichira chifukwa chakuti yasintha dziko. Dzimbiri ndilo loyenera kuopedwa kwambiri, pakuti m'madera ozizira a ku Britain ndi kumpoto kwa Japan amathira mchere m'miseu nthawi ya chisanu, ndipo mcherewo umadya galimoto kuyambira kunsi kumene wogula sayang'ana. Injini ikafa munthu akhoza kugula ina, koma chesisi chikaola galimoto yatha.

Maiko ena oyandikana nafe, monga Zambia, Tanzania ndi Kenya, adakhazikitsa lamulo lakuti galimoto yogwirapo kale ntchito iziyezedwa isanakwere sitima, ndipo Kenya adaletsanso kulowetsa galimoto zopitirira zaka 8. Kuno kwathu msonkho wa galimoto yolowa m'dziko umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka zake, kotero kuti yakale kwambiri imalipira gawo lalikulu. Makampani amene amayezera maiko enawo galimoto ku Japan alipo, ndipo Mmalawi amene akuitanitsa galimoto yake ali ndi ufulu wopempha wogulitsa kuti imuyezedwere asanatumize ndalama zonse. Mtengo wa kuyezako ndi wochepa poyerekeza ndi mtengo wa giyabokosi yatsopano.

Galimoto ikafika kuno imalowa m'manja mwa malamulo athu. Lamulo la pa mseu la 1997 likufuna kuti galimoto yoyenda pa mseu ikhale yoyenera, ndipo umboni wake ndi chiphaso chimene tonse timachitcha COF. Ntchito imeneyi imayang'aniridwa ndi nthambi ya Boma yoona za pa mseu, ya DRTSS, imene imasunga kaundula wa galimoto m'makina a MalTIS. Galimoto ya munthu payekha imayezedwa chaka chirichonse, pamene yonyamula anthu olipira imayezedwa miyezi 6 iriyonse. Woyeza amayang'ana mabuleki, chiwongolero, matayala, nyali, masipuling'i, magalasi, hutala ndi thupi la galimoto. Dongosolo limeneli ndi labwino, ndipo dziko lopanda dongosolo lotere likadakhala pa mavuto oposa amene tiri nawo.

Komabe tiyenera kunena mosabisa zimene chiphasochi chingathe ndi zimene sichingathe. COF imachitira umboni tsiku limodzi lokha, tsiku limene galimoto idaima pamaso pa woyeza. Siinena ngati injini ikudya oilo, ngati giyabokosi yatsala pang'ono kufa, kapena ngati galimotoyo idzafika mwezi wamawa. Pakati pa kuyeza kumodzi ndi kunzake pali miyezi imene galimoto imakwera ndi kutsika mapiri a Kirk Range, imagwa m'maenje, imamira m'matope a ku Kandeu ndi ku Kasinje nthawi ya dzinja, ndipo imasenza matumba a mbatata kuchokera ku Tsangano. Sienta idapangidwa kuti inyamule anthu 7. Ikanyamula khumi ndi katundu wao, mabuleki ndi masipuling'i amene akadatha chaka amatha m'miyezi yowerengeka. Chiphaso chimene chiri pa galasi chimakhalabe chatsopano pamene galimoto yakalamba.

Pali chinanso chimene tonse tikuchidziwa ngakhale timachinong'ona. Alipo eni galimoto amene amabwereka matayala abwino kwa mnzao tsiku loyezetsa, nkukabweza madzulo. Alipo amene amapereka ndalama kwa madobadoba kuti chiphaso chituluke galimoto iri chigonere pa nyumba. Munthu wochita zotere amaganiza kuti wanyenga Boma, koma mtsetse wa pa Kampepuza suwerenga mapepala. Chiphaso chogula chimaononga zambiri kuposa galimoto imodziyo, chifukwa chimachotsa chikhulupiriro pa ziphaso zonse, ngakhale za anthu oona mtima amene adayezetsa m'njira yake. Wapolisi wa pa rodibuloko akaona chiphaso pa galasi koma matayala ali osalala ngati dazi, ayenera kukhulupirira maso ake.

Ena amati njira yachidule ndiyo kuletsa galimoto zonse zakale. Maganizo amenewa sitikugwirizana nawo kwathunthu. Mlimi wa ku Tsangano amene kabichi wake amaola akapanda kufika pa msika m'masiku awiri, mayi wodwala wa ku Bwanje wofuna kufika ku chipatala cha boma, ndi mphunzitsi wa sukulu ya kutali ndi tala, onsewa amadalira galimoto zakale zomwezi, ndipo zatsopano sangazikwanitse. Masiku a mabasi a UTM, amene ankafika m'madera ambiri pa nthawi yoikika, adapita kale. Kuonjeza apo, zaka pazokha sindizo zimapha galimoto. Corolla ya zaka 20 imene yakhala ikusamalidwa, yokhala ndi mabuku ake onse, njodalirika kuposa ya zaka 8 imene idagubuduzika, nkuwongoledwa ndi kupakidwa utoto. Chimene tiyenera kulimbana nacho ndi galimoto yosadziwika mbiri yake, ndi galimoto imene mwini wake sakuisamala.

Pa chifukwa chimenechi tikupempha akuluakulu oona za pa mseu kuti aganizire zinthu zitatu. Choyamba, popeza galimoto iriyonse idalembedwa kale m'makina, zotsatira za kuyeza kulikonse zizisungidwa mokwanira, ndiye kuti makilomita a tsikulo, chimene chidapezeka cholakwika ndi chimene woyeza adachenjeza, ndipo munthu wofuna kugula galimoto azitha kuziona mosavuta. Galimoto zambiri zimene aphunzitsi akugula lero sizikuchokera ku doko. Zikugulidwa kwa Mmalawi mnzathu amene waiyendetsa kale zaka zisanu, ndipo mbiri ya zaka zisanuzo njofunika kuposa ya ku Japan. Mbiri yoonekera imathandizanso kugwira chinyengo, pakuti chiphaso chotuluka popanda galimoto chimasiya mapazi. Chachiwiri, Ntcheu ali pafupifupi pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndipo ulendo wokayezetsa ukakhala wautali ndi wodula, madobadoba ndiwo amapindula. Kuyeza kukamafika pafupi ndi anthu pa masiku odziwika, chifukwa chozembera chimachepa. Chachitatu, kuyeza kwadzidzidzi pa mseu kulimbikitsidwe, makamaka pamwamba pa mitsetse ndi pa masiku a msika, ndipo kuziyang'ana mabuleki ndi matayala enieniwo.

Kwa inu amene mukufuna kugula, malangizo athu ndi awa. Musalipire musanaone bulubuku ndi kutsimikiza kuti nambala ya chesisi ndi ya injini zimene zalembedwamo ndi zomwe ziri pa galimoto, ndiponso kuti dzina la mwini wake ndi la amene akukugulitsaniyo. Pemphani ziphaso zakale, malisiti a ku galaja ndi chikalata chimene idalowera m'dziko. Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo alowe kunsi kwa galimoto ndi tochi. Pitani m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa injini yozizira siibisa matenda ake: utsi wobiriwira ngati mtambo umasonyeza kuti ikutentha oilo, ndipo utsi woyera wosaleka umasonyeza kuti madzi akulowa m'malo osayenera. Iyendetseni pa chitunda ndi pa mtsetse, osati pa bwalo la sukulu pokha. Yang'anani manambala anayi omaliza a tsiku lopangidwa pa khoma la tayala: 2314 akutanthauza sabata la 23 la chaka cha 2014, ndipo tayala la zaka zotere nlokalamba ngakhale mano ake akuoneka. Galimoto zina zimabwera ndi matayala a nyengo ya chisanu, amene labala wake ndi wofewa ndipo sagwira bwino pa tala wotentha wa mwezi wa October. Funsani ngati lamba wa taimingi adasinthidwapo, pakuti pa injini zambiri zokhala ndi lamba ameneyu amafunika kusintha pa makilomita pafupifupi 100,000, ndipo pa zina akaduka amaononga injini yonse. Safunsa adadya phula.

Mukagula, musathere ndalama zonse pa mtengo wogulira. Ngongole ya galimoto imadulidwa pa malipiro mwezi ndi mwezi ngakhale galimotoyo itakhala pa miyala kuseri kwa nyumba, ndipo taona mabanja ambiri akulipirira chinthu chimene nkhuku zikuikiramo mazira. Sungani gawo lina la kukonza koyamba: oilo, mafyuluta, matayala ndi mabuleki. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, ndipo akakalamba amawira msanga mabuleki akatentha pa mtsetse wautali, phazi nkungolowa pansi popanda kugwira. Ndicho chifukwa chake opanga galimoto ambiri amalangiza kuwasintha zaka ziwiri zirizonse. Potsika phiri gwiritsani giya yaing'ono kuti injini ithandize mabuleki. Kumbukiraninso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi. Ndipo yambani lero kusunga kabuku kolembamo tsiku, makilomita ndi chirichonse chimene chakonzedwa. Kabuku kameneka kadzakuthandizani kukumbukira, ndipo tsiku logulitsa kadzakweza mtengo wa galimoto yanu.

Udindo waukulu uli pa inu amene muli ndi maudindo. Mphunzitsi wamkulu amene akubwereka lole yonyamula ana kupita ku masewera kapena ku chikondwerero wasenza miyoyo ya ana a eni ake. Asanalole mwana mmodzi kukwera, aone chiphaso, inshulansi ndi laisensi ya dalaivala, ayang'ane matayala ndi maso ake, ndipo akane ngati mtima wake ukukayika, ngakhale mwini lole atakhala wa komiti ya sukulu. Mkulu wa ofesi amene amayang'anira galimoto za Boma aonetsetse kuti buku la galimoto iriyonse likulembedwa moona, ndi kuti ndalama zokonzera zikugwira ntchito yake. Ambulansi yofera pa njira usiku imakhala itayamba kudwala kalekale m'mabuku osalembedwa. Mafumu ndi makomiti a misika athandize kusuntha malonda kuti atalikirane ndi tala. Aphunzitsi m'kalasi aphunzitse ana kuti kukana kukwera galimoto yodzaza kapena yooneka yodwala sikupanda ulemu.

Galimoto yakale ikhala nafe kwa zaka zambiri zikubwerazi, ndipo yathandiza kale kutukula malonda ndi maulendo m'boma la Ntcheu. Chimene tikufuna ndi chakuti iriyonse idziwike kumene yachokera, iyezedwe moona, ndipo isamalidwe pakati pa kuyeza kumodzi ndi kunzake. Mutu umodzi susenza denga: woyeza, wapolisi, makaniko, mwini galimoto ndi wokwera, aliyense ali ndi mbali yake. Tikupempha onse amene awerenga mau ano kuti ayambe ndi galimoto imene iri pafupi nawo, kaya ndi yao, ya ofesi kapena yobwereka, ndi kufunsa mbiri yake isananyamuke.